Laputopu ikuchedwa kuyaka: muifomate, mugule SSD, kapena mufune ina?

Laputopu ikayamba ulesi, malangizo amene amafika msanga kuno ku Zomba ndi akuti, "Ndi mavairasi amenewo, kangoifomatitsani." Muwamva kwa mnzanu ku Chikanda, muwamva ku ofesi, ndipo okonza makompyuta ena amayambira pomwepo asanaiyeze n'komwe. Nthawi zina malangizowa amathandiza. Koma ngati chikudwala ndi hard disk, chipangizo chosungira mafayilo mkati mwa laputopu, kufomata (kufufuta zonse n'kuikamo Windows yatsopano) n'kutaya ndalama, ndipo kumatha kupita ndi mafayilo amene akanapulumuka bwinobwino.

Ndikunena za laputopu imene mumaiyatsa n'kupita kukatereka madzi a tiyi, pobwera n'kuipeza isanafikebe pa desktop. Ina imangozungulira pa mawu akuti "Preparing Automatic Repair". Ina lero iyaka, mawa ikana, mkuja iyakanso ngati palibe chachitika. Njira zimene anthu amatsata zilipo zisanu: kuiyeretsa osagula kanthu, kufomata, kuika hard disk ina, kuika SSD (chosungira mafayilo chamakono cholowa m'malo mwa hard disk), ndi kugula laputopu ina.

Zoti muyezere

Funso loyamba si la ndalama ayi. Ndi lakuti, kodi mu laputopumo muli zinthu zimene mulibe kwina kulikonse? Dissertation ya chaka chomaliza ku Chanco, ma scheme a mphunzitsi, zithunzi za chinkhoswe, kaundula wa ngongole za pashopu. Laputopu imagulika, koma machaputala atatu amene supervisor anakonza kale simungawagule pena paliponse. Ngati zinthu zotere zilimo, njira iliyonse muifunse kuti ichita nazo chiyani.

Kenako pali zinayi zimene nditsate pa njira iliyonse. Choyamba ndi mtengo. Sindilemba ziwerengero za makwacha chifukwa zipangizozi zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023 tonse tinaona mmene mitengo inathamangira. Ndiziyerekeza njira ina ndi inzake, ndipo inu powerengera muikemo thiransipoti, bandulo, ndi masiku amene mukhale opanda makina. Chachiwiri ndi kupezeka kwake: chipezeka m'tauni mommuno, kapena mpaka mukwere minibasi ya ku Limbe, ulendo wa makilomita oposa 60? Chachitatu ndi chisamaliro chimene njirayo idzafune m'tsogolo. Chachinayi ndi choopsa chake, chomwe wogulitsa sakonda kutchula.

Dziwani kaye matenda

Yambani ndi khutu. Hard disk ya laputopu ili ndi timbale tomwe timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, zina 7,200, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pa timbaleto osakhudza. Zimitsani wailesi, yatsani laputopu, muike khutu pafupi ndi pamene mumatsamiritsa dzanja polemba. Diski yabwino imangong'ung'udza chapansipansi. Yodwala imachita kuti kha, kha, kha, n'kukhala duu, n'kuyambanso chimodzimodzi. Ndiye kuti kamkono kaja kakulephera kupeza malo ake. Musasokoneze ndi phokoso la fani, lomwe limatulukira m'mbali limodzi ndi mpweya wotentha.

Kenako werengani zimene sikirini yalemba, ndipo muzijambule ndi foni. HP imakonda kulemba "Boot Device Not Found" ndi nambala 3F0, kapena "SMART Hard Disk Error" ndi nambala 301. ThinkPad ya Lenovo imalemba "2100: Detection error on HDD0". Makina ambiri ali ndi choyezera chawochawo chomwe sichifuna Windows: pa HP dinani Esc mukangoyatsa, kenako F2, pa Dell dinani F12 n'kusankha Diagnostics. Dell ikapereka nambala 2000-0142, diski yalephera mayeso.

Komabe 3F0 si chiphaso cha imfa nthawi zonse. Diski imatha kungosunthika pamalo pake laputopu itagwa kapena itagwedezeka m'chikwama pa kabaza. Ndipo ngati tsiku ndi nthawi zikumabwerera m'mbuyo mukaizimitsa, kabatire kakang'ono ka pa motherboard katha, zomwe zimatha kusokoneza BIOS, pulogalamu imene imadzutsa laputopu Windows isanayambe, kuti isadziwe poyambira. Mavuto awiriwa ndi otchipa kwambiri kukonza.

Ngati Windows ikufikabe, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Mukaona Disk ili pa 100% kwa nthawi yaitali inu musakuchita kanthu, pomwe CPU (purosesa) ili phee, vuto lili pa diski. Ikakhala Memory yomwe yadzaza, nkhani ndi ya RAM, malo amene laputopu imasungirapo kwakanthawi zimene mwatsegula. Zikakhala kuti fani ikulira kwambiri ndipo laputopu ikuzima yokha ikatentha, ndi fumbi ndi kutentha.

Chomaliza, diski iliyonse imalemba yokha mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART, ndipo kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo kamaiwerenga. Kakalemba Good mu mtundu wa buluu, palibe chaoneka. Caution wachikasu ndi chenjezo, Bad wofiira ndiye zatha. Yang'anitsitsani mizere iwiri, Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count. Woyamba ukuwerenga malo amene anafa kale n'kulowedwa m'malo, wachiwiri malo amene diski ikulephera kuwerenga panopa. Ziwerengerozi zikamakwera tsiku ndi tsiku, diskiyo ikupita. Dziwaninso kuti diski imatha kufa SMART ikunenabe Good, choncho ikamalira kha, kha, khulupirirani khutu lanu.

Mafayilo achoke kaye

Diski yodwala ili ndi maola owerengeka, ndipo kuyatsa kulikonse kumadyako. Maolawo agwiritseni ntchito pokopera mafayilo basi. Yambani ndi ang'onoang'ono ofunika, ma Word, ma Excel, ma PDF, kenako zithunzi. Mafilimu ndi nyimbo zikhale zomaliza, zimenezo mnzanu ali nazo. Koperani foda imodziimodzi, chifukwa mukasankha zonse pamodzi, fayilo imodzi yoonongeka imaimitsa ntchito yonse. Zolemba zokha zimakwana bwino pa Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere, kapena pa OneDrive yomwe imapereka 5 GB.

Pali zinthu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimamaliza diski. Musayendetse chkdsk /r (yofufuza malo oonongeka pa diski), musapange defragment (kusanjanso mafayilo pa diski), musalole antivirus kusanthula diski yonse mafayilo asanachoke. Zonsezi zimaikakamiza kuwerenga malo aliwonse kwa maola ambiri. Zoika diski mu firiji zisiyeni. Ikatuluka imagwira chinyezi, ndipo chinyezi kuno kunsi kwa phiri nthawi ya dzinja tili nacho kale chokwanira.

Windows ikakana kuyaka, njira zilipo ziwiri. Mutha kuika Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe zimagwira ntchito m'malo mwa Windows, pa fulashi n'kuyatsa laputopu kuchokera pa fulashiyo osaika kanthu pa diski, n'kukopera mafayilo. Kapena mutha kuchotsa diski n'kuilowetsa m'kabokosi ka USB n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Ikafunsa kiyi ya BitLocker, loko ya Windows yotsekera diski, kiyiyo ndi nambala ya manambala 48 yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Popanda kiyiyo palibe tekinishani angatsegule. Wokonza wodziwa ntchito amayamba ndi kutenga chithunzi cha diski yonse, kutanthauza kuikopera yonse mmene ilili pa diski ina, ndi pulogalamu ngati ddrescue, yomwe imalumpha malo ovuta n'kudzawabwerera pambuyo. Mufunseni mmene achitire asanaigwire. Akanena zoti atsegula chivundikiro cha diski yeniyeniyo pa benchi pomwepo, itengeni muzipita. Timbale tija sitifuna fumbi ngakhale pang'ono, ndipo ntchito yotsegula imachitikira m'zipinda zapadera, ngati za makampani a ku Johannesburg, pa mtengo umene nthawi zambiri umaposa wa laputopu.

Njira yoyamba: kuiyeretsa osagula kanthu

Mtengo: nthawi yanu yokha, kupatula ngati mukufuna wina akupukutireni fumbi mkati.

Kupezeka kwake: zonse zili kale mu Windows. Mu Task Manager muli malo a Startup, momwe mungaletse mapulogalamu amene amadzuka okha mukayatsa. Chotsani ma antivirus owonjezera. Ndaonapo laputopu yokhala ndi atatu, onse atatha ntchito, akulimbirana diski imodzi, pomwe Windows Security yomwe imabwera ndi Windows 10 ndi 11 ndi yokwanira kwa ambiri. Onetsetsaninso kuti pa C, chigawo cha diski pamene pamakhala Windows, pali malo opuma.

Chisamaliro: muzibwereza miyezi ingapo iliyonse. Ndipo fulashi imene yalowa m'makompyuta osindikizira mapepala muziiyeza isanatsegulidwe. Kavairasi kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kamayendera mmenemo, makamaka nyengo yopereka ma assignment.

Choopsa: laputopu imapepukako pang'ono, inu n'kuganiza kuti yachira pomwe diski ikupitiriza kufa. Pewaninso timapulogalamu tolonjeza kuthamangitsa kompyuta kapena kukonza ma driver onse ndi batani limodzi. Tambiri timangowonjezera katundu.

Njira yachiwiri: kufomata

Mtengo: wotsika. Mukachita nokha mufunika fulashi ya 8 GB ndi bandulo yopangira dawunilodi Windows, yomwe imadya ma GB asanu kapena kuposa, osawerengera ma update obwera pambuyo. Kwa tekinishani mumalipira ntchito yokha.

Kupezeka kwake: paliponse. M'tauni, ku Matawale, ku Chinamwali, ngakhale mnyamata wa chipinda choyandikana nanu ali ndi fulashi ya Windows m'thumba.

Chisamaliro: muyambiranso kuika Office, SPSS kapena Stata, ma driver a printer, ndi ma password onse amene browser inkakukumbukirirani. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho funsani kuti akuikirani Windows iti komanso chifukwa chake.

Choopsa: apa ndi pamene anthu ambiri amalirira. Mawu akuti "musadandaule, mafayilo anu ndawasamutsira pa D" amatonthoza, koma pa malaputopu ambiri C ndi D ndi zigawo za diski imodzi yomweyo. Ikafa, zonse zipita limodzi. Kusunga kwenikweni ndi pa chipangizo china chimene mungachinyamule m'manja. Chinanso, kuika Windows kumalemba ma GB ambirimbiri, ndipo diski yofooka imatha kuthera pakati pa ntchitoyo. Ikapulumuka, laputopu imathamanga sabata imodzi kapena ziwiri kenako n'kubwerera mwakale, chifukwa kufomata diski yodwala kuli ngati kuzira pansi m'nyumba yomwe denga lake likudontha. Chomaliza ndi Windows yokhala ndi ma crack, yotsegulidwa mwachinyengo popanda laisensi. Malaputopu ambiri amene anagulitsidwa ndi Windows 8 kapena yaposachedwa ali ndi laisensi yosungidwa pa motherboard, ndipo mukaika mtundu womwewo, Home kapena Pro, imadzitsegula yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Palibe chifukwa cholowetsera activator yosadziwika komwe yachokera m'makina amene mumalowera ku banki.

Njira yachitatu: hard disk ina

Mtengo: ndi njira yotchipa yopezera malo ambiri. Diski ya 500 GB kapena 1 TB yochotsedwa mu laputopu ina imatsika kwambiri poyerekeza ndi SSD ya kukula komweko.

Kupezeka kwake: pafupifupi wokonza aliyense ali nazo mu dilowa. Zatsopano za m'pepala zikusowa chifukwa malaputopu amakono sabweranso ndi diski zotere.

Chisamaliro: imafuna ulemu. Osainyamula ikugwira ntchito, osaimenyetsa patebulo, osaiponya m'chikwama isanazime. Ngati batire la laputopu linafa ndipo mumadalira chaja yokha, magetsi akathima diski imazima mwadzidzidzi ili pakati polemba, ndipo zikamachitika kawirikawiri mafayilo a Windows amaonongeka. Mavuto ambiri a kukana kuyaka amayambira pamenepa.

Choopsa: simudziwa zaka zake. Musanalipire, auzeni aiike pa CrystalDiskInfo muone Power On Hours. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye diski yolemba 25,000 yagwira ntchito pafupifupi zaka zitatu usana ndi usiku. Ikaonetsa Caution, ikaneni ngakhale atsitse mtengo. Ndipo ngakhale mutapeza yabwino, ulesi sutha. Windows 10 ndi 11 zimalemera pa hard disk iliyonse, yatsopano ndi yakale yomwe.

Njira yachinayi: SSD

Pa laputopu yomwe zina zonse zili bwino, iyi ndi njira imene ine ndimalimbikitsa. SSD ilibe chozungulira mkati, ndi timachipu tokhatokha. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi, SSD ya SATA (yolumikizidwa ngati hard disk) pafupifupi 500 MB. Koma chimene mumachimva kwenikweni si chimenecho. Poyaka, Windows imafuna timafayilo ting'onoting'ono masauzande, ndipo pa kalikonse hard disk imayenera kusuntha kamkono n'kudikira mbale izungulire. SSD sidikira. N'chifukwa chake laputopu ya 2014 imene inkatenga mphindi zisanu imatha kuyaka isanathe mphindi imodzi.

Mtengo: wapakati. SSD yatsopano ya 256 GB imaposa hard disk yakale ya 500 GB pamtengo, koma ndi kachigawo chabe ka mtengo wa laputopu ina. Ya 120 kapena 128 GB imakopa chifukwa chotchipa, koma Windows 11 payokha imafuna malo osachepera 64 GB, ndipo mukaika Office ndi ma update mudzayamba kufufuta zinthu mwezi uliwonse. Ngati thumba likulola, yambirani pa 256.

Kupezeka kwake: apa m'pofunika kusamala, chifukwa SSD zili m'mitundu. Pali ya mainchesi 2.5 ya SATA, yomwe imalowa ndendende pamene panali hard disk. Pali ya M.2, kakang'ono kotalika ngati chala, ndipo ya M.2 ili pawiri, SATA ndi NVMe. Zimafanana maonekedwe koma si laputopu iliyonse imalandira zonse. Ngati laputopu yanu ili ndi hard disk yozungulira, ya 2.5 kawirikawiri imakwana. Ya NVMe musagule musanafufuze nambala ya model yolembedwa kunsi kwa laputopu. Timalaputopu tina totchipa tokhala ndi 32 kapena 64 GB ya eMMC tili ndi chosungira chowotchereredwa pa motherboard, ndipo tambiri tilibe poika SSD. Ku Zomba ya 2.5 imapezeka, koma mitundu yosankhapo ndi yochepa. Ku Blantyre ndi ku Limbe kuli mashopu ambiri. Mukapita, nyamulani laputopu kuti akaiyeserere pomwepo, ulendo usakhale wawiri.

Kuika kwake si kovuta pa makina akale a ku ofesi. Mumazula chaja, kuchotsa batire, kumasula ma screw a kachitseko ka kunsi, n'kukoka diski chammbali kuti ichoke pa cholumikizira. Diskiyo imakhala m'kafelemu komangidwa ndi ma screw anayi, ndipo kafelemuko mumakasamutsira pa SSD. Ikani ma screw m'kambale, chifukwa akagwera pa simenti simuwaonanso. Malaputopu opyapyala amafuna kuchotsa chivundikiro chonse, ndipo timano take ta pulasitiki timathyoka msanga. Amenewo apatseni odziwa.

Wokonza angakufunseni ngati mukufuna clone, kutanthauza kusamutsa Windows yonse mmene ilili. Diski yakale ikakhala yathanzi, clone ndi yabwino ndipo simutaya pulogalamu iliyonse. Ikakhala yodwala, ikani Windows yatsopano, chifukwa clone imasamutsa ndi mafayilo oonongeka omwe. Diski yakale yathanzi musaitaye. Iikeni m'kabokosi ka USB ikhale yosungira, kapena pa caddy yolowa m'malo mwa DVD.

Chisamaliro: chochepa. Siopa kugwedezeka kwa pa minibasi. Osaidzaza mpaka pakamwa, ndipo osaipanga defragment ndi mapulogalamu akale, Windows imaisamalira yokha.

Choopsa: SSD sichenjeza ndi phokoso. Imatha kugwira bwino madzulo, m'mawa BIOS osaiona, ndipo kupulumutsa mafayilo pa SSD yakufa n'kovuta kuposa pa hard disk. Ngakhale fayilo imene mwafufuta mwangozi n'kuchotsa mu Recycle Bin kawirikawiri sibwerera, chifukwa SSD imayeretsa malowo posakhalitsa. Ndiye mukaika SSD, kusunga mafayilo kwina kukhale chizolowezi. Palinso zachinyengo, makamaka zogulitsidwa pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp pa mtengo wokoma modabwitsa: kunja dzina lodziwika, mkati zina, kapena kulemba 1 TB pomwe malo enieni ndi ochepa. Pulogalamu ya H2testw imadzaza chipangizo n'kuwerenganso, ndipo bodza limaonekera. Funani risiti yolembedwa masiku a waranti.

Ndinenepo za RAM, poti ogulitsa amakonda kuiphatikiza. RAM sichiza diski yodwala. Koma ngati muli ndi 4 GB ndipo mumatsegula Chrome, Word ndi Zoom nthawi imodzi, kufika pa 8 GB kumathandiza. Ndalama zikakhala za chinthu chimodzi, SSD iyambe.

Njira yachisanu: laputopu ina

Mtengo: wokwera kuposa zonse, ngakhale ya kaunjika. Yakaleyo mutha kuigulitsa kwa okonza ngati ya ma spare, koma chotsanimo diski. Muli zithunzi za ID yanu, makalata ndi ma password.

Kupezeka kwake: zambiri zimene zili pamsika ndi makina amene anagwirapo ntchito m'maofesi a kunja, monga Lenovo ThinkPad, HP EliteBook ndi ProBook, ndi Dell Latitude. Ndi olimba ndipo ma spare ake amapezeka. Musatengeke ndi kasitika kakuti Core i7. Yang'anani nambala yonse ya purosesa: i7-3520M ndi ya m'badwo wachitatu, wa 2012, pomwe i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa 2017, ndipo imaiposa kutali. Windows 11 imafuna TPM 2.0, kachipu ka chitetezo, ndipo purosesa ikakhala ya Intel, kupatula zochepa chabe, ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Ogulitsa ena amaikakamiza pa makina akale, imayaka ndithu, koma Microsoft silonjeza kuti makina otero azilandira ma update.

Chisamaliro: batire ndi limene limayamba kutopa. Lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt muyerekeze Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Ndi mmene magetsi amathimira, batire labwino limateteza diski, ndipo surge protector imateteza chaja magetsi akabwerera mwamphamvu kapena kukachita ziphaliwali.

Choopsa: kugula vuto la munthu wina. Lowani mu BIOS muone ngati mulibe password. Yesani mabatani onse, ma USB onse, kamera ndi Wi-Fi. Onani ngati mkati muli SSD, apo ayi mubwerera pamene munayambira. Ndipo laputopu yopanda chaja, yopanda risiti, yomwe mwiniwake akufulumira kuigulitsa, ikhoza kukufikitsani kupolisi.

Ndiye musankhe iti

Ngati diski ikulira kha, kha ndipo muli mafayilo amene mulibe kwina, izimitseni tsopano ndipo musaiyatsenso kuti muone ngati yasintha. Ipite kwa wokonza amene ayambe ndi kutenga chithunzi cha diski. Za SSD mudzakambe mafayilo atatuluka.

Ngati ikuyakabe koma CrystalDiskInfo yalemba Caution, koperani lero, mugule SSD, muike Windows yatsopano. Kufomata diski yomweyo kusiyeni.

Ngati diski yapambana mayeso onse, ilibe phokoso, koma laputopu ndi yaulesi, yambani ndi kuyeretsa. Zikakanika, SSD ya clone. Kufomata kukhale kwa amene Windows yawo yaonongekadi, monga pambuyo pa vairasi kapena update imene inadukira pakati magetsi atathima, ndipo mafayilo akhale atasungidwa pa chipangizo china.

Wophunzira amene kwatsala sabata ziwiri kuti apereke dissertation asayambe zoyesayesa. Atumize zolemba zake ku imelo yake lero, abwereke makina kapena agwiritse ntchito a ku laibulale, zokonza zidikire akapereka.

Hard disk ina ndi ya munthu amene akufuna malo ambiri osungira mavidiyo ndi nyimbo, monga ojambula maukwati, ndipo ngakhale iwowo ndi bwino ikhale yachiwiri, Windows ili pa SSD. Ndi yoyeneranso amene thumba lawo silikufika pa SSD koma akufuna laputopu iyake mawa, bola aone Power On Hours.

Laputopu ikakhala ndi matenda angapo nthawi imodzi, diski yodwala, batire lakufa, mahinji othyoka, sikirini ya mizere, phatikizani mitengo yokonzera zonsezo muyerekeze ndi ya kaunjika ya m'badwo wachisanu ndi chitatu. Ikafika theka, gulani ina. Chimodzimodzi kalaputopu ka eMMC kopanda poika SSD.

Ndipo ngati mwezi uno ndalama palibiretu, chotsani diski yodwalayo muisunge pouma, muziyatsa laputopu ndi fulashi ya Linux Mint. Ili ndi Firefox ndi LibreOffice, zomwe zimatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Imachedwerapo, ndipo zimene mwasunga pa desktop yake zimafufutika mukazimitsa, choncho ntchito yanu muziisunga pa Google Drive kapena pa fulashi yachiwiri mpaka malipiro atuluke.